Zikopa Zimene Fermín Anasiya M'dzenje

"Chotsani dzanja pachigubupo, alamu," anatero Nicolasa.

Eleuterio sanachotse dzanja pachigubu cha kromu, mankhwala ofufutira zikopa msanga. Anaima m'mphepete mwa dzenje momwe zikopa makumi asanu ndi limodzi zinamira m'madzi a makoko a mtengo wa tara. Fermín, mkulu wake, anali atagona m'manda masiku asanu okha. Zovala zake, zimene mkazi wake Nicolasa anazichapa kumtsinje dzulo lake monga mwa mwambo, zinali zisanaume n'komwe.

"Mlamu Nicolasa, wogula wa ku Lima afika Lolemba. Zikopazi zafufutika kapena ayi, akudziwa ndani? Inuyo? Paja munkangobweretsa msuzi masana mutatseka mphuno."

"Wogulayo akufuna za tara, zopanda mankhwala. Anapangana zimenezo ndi Fermín."

"Azinunkhiza? Kromu pang'ono chabe, mawa zatheka. Mukavuula msanga ziwola mkati, mukachedwa ziuma gwa ngati thabwa. Ndiye muzidya chiyani, makokowo?"

Nicolasa anayang'ana m'dzenjemo. Eleuterio sankanama. Zaka makumi awiri Fermín anavundula madzi abuluu a kromu ndi manja, mpaka chifuwa chinayamba kulira ngati chitseko chadzimbiri. Atawasiya, ofufuta anzake onse a ku Río Seco anamuseka. Koma tsiku lovuula zikopa sankauza munthu. Chitsiru cha mwamuna, kufa osasiya mawu!

"Munamunyamula ndi inu nomwe popita kumanda, mwaiwala kale mmene ankapepukira?" anatero Nicolasa. "Thirani muone. Ndikukankhirani momwemo, mufufutike limodzi."

Eleuterio anatula chigubu pansi. "Chabwino, akatswiri. Vuulani tione."

Nicolasa anatenga ngowe. Anali asanaigwirepo chikwatiwire. Anakoka chikopa chimodzi, cholemera ngati munthu, n'kuchigwetsera pasimenti. Anachiyang'ana. Sichinamuuze kanthu.

Kenako chala chake chinakhudza timaenje m'mphepete mwa khosi la chikopacho. Anapukuta. Anali mano a munthu, malo asanu ndi awiri motsatana, paliponse pali mpata wa dzino lakutsogolo limene Fermín analibe. Oyambawo analowa kwambiri. Omalizawo ankangooneka pang'ono. Ndiye kuti umu ndi mmene Fermín ankayesera zikopa zake.

Anagwada, naika pakamwa pake pambali pa omalizawo, naluma. Kuwawa kwa tara kunadzaza m'kamwa. Mano analowabe pang'ono.

"Sichinafike," anatero, osalavula. "Ndilumanso mawa."

Ndipo anachibwezera m'madzi pang'onopang'ono, ndi manja awiri.