Foni Yochokera Kutsidya kwa Nyanja

A Laws Msiska anali munthu wolemekezeka m'chigwa chonse cha Hewe, ndipo ulemuwo unali wowayenera. Anali mkulu wa mpingo wosadziwa bodza, mlimi wa fodya wosadziwa ulesi. Chilema chawo chinali chimodzi: ankakhulupirira kuti chinthu chochokera kutali sichingalephere.

M'mawa umenewo anali ataima pachulu kuseri kwa chigafa, atakweza m'mwamba foni yonyezimira imene mwana wawo Kezia, namwino wogwira ntchito ku America, anawatumizira. Kafoni kawo kakale ka mabatani anali atapatsa akazi awo, a Rahab, pamene mayiwo ankapita kuchipatala ku Mzuzu ndi chotupa cha m'mimba. Wokadwazika anali Ida, mng'ono wawo wa a Rahab. A Msiska anatsala chifukwa fodya anali m'chigafa ndipo panalibe womusiyira.

"Ndikakuimbirani asanandilowetse ku opaleshoni," a Rahab anatero pokwera galimoto. "Mudzandipempherere pafoni pomwepo, a Msiska. Popanda pemphero lanu mtima wanga sukakhazikika."

Chichokereni a Rahab, foni yatsopanoyo sinalirepo. Netiweki siinkagwira m'nyumba, pachulu, ngakhale pabwalo la tchalitchi pamene anthu onse ankaimbira.

Anatsika pachulupo, natenga njinga, napalasa mpaka ku Katowo. Anakaima pansi penipeni pa nsanja ya mafoni. Anazimitsa foniyo, nayatsanso, naigwedeza ngati botolo la mankhwala. Pafupi nawo mayi wogulitsa tomato ankaseka ndi wina pa kafoni komangidwa ndi mphira.

"Adada Msiska, mwatani kodi? Mukuoneka ngati mukufuna kukwera nsanjayo."

Anali Isabella, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Thyolo, amene ankawayendera kumunda. A Msiska anamufotokozera zonse.

Isabella anaitembenuza foniyo, napukusa mutu. "Inenso achimwene anga ananditumizirapo yotere, ikungokhala m'kabati. Ku Lilongwe anandiuza kuti boma lililonse limagawa mafunde a mumlengalenga m'njira yakeyake, ndipo opanga mafoni amatsata malamulo a dziko limene akukagulitsako. Iyi anaipangira mafunde a kumeneko. A nsanja yathu ino siingawamve. Mwina m'tauni ingagwire, koma kuno ayi."

"Ndiye kuti maboma ndi opanga mafoni sanamvane kumene akukhalako, wolangidwa n'kukhala Rahab?"

"Musakangane ndi ine, adada, sindine boma lonse. Ine ndi wa feteleza. Bweretsani simukhadi yanu tiike m'foni yangayi."

Atangoiika, foni ya Isabella inayamba kunjenjemera osalekeza. Anali mauthenga osonyeza anthu amene anaimba osawapeza. A Msiska anavala magalasi. Oyambirira onse anali a nambala ya a Rahab, otsatizana, ambirimbiri, a dzulo m'mawa. Kenaka nambala imeneyo sinaonekenso. Otsatira onse anali a Ida, kuyambira dzulo madzulo mpaka lero.

"Anandifuna," a Msiska anatero motsitsa mawu. "Analowa osapemphereredwa, ine ndili pachulu ngati chitsiru."

"Musaganize zoipa. Mwina kafoni kaja kanatha moto. Mwina a Ida akufuna kukuuzani kuti zayenda bwino." Isabella anawatambasulira foniyo ndi manja awiri. "Imbani pompano. Mayunitsi alimo, lankhulani mmene mungafunire. Ngati mukuopa, ndiimbe ndine, ndikuuzeni."

A Msiska sanailandire foniyo. Pa zaka zawo zonse za ukulu wa mpingo, uthenga wolemera ankaunyamula ndi miyendo. Ankafika pakhomo, kukhala pansi, kuvula chipewa, kenaka n'kulankhula. Anali asanalolepo kuti mwamuna amve za mkazi wake ali chiimire pamsewu, pakati pa tomato ndi nyimbo za m'magolosale.

Kutsidya kwa msewu kondakitala wa pikapu yolowera njira ya ku Mzuzu ankakuwa kuti, "Rumphi boma! Rumphi boma!"

"Yewo chomene, mwana wanga," a Msiska anathokoza m'Chitumbuka, akubweza dzanja la Isabella mwaulemu. "Tulutsa simukhadiyo. Ngati Rahab ali moyo, ndikamupepesa ndikumuyang'ana kumaso. Ngati sali moyo, akandiuza nditakhala pansi."

"Nanga fodya wanu, adada?"

"Awole."

Anatsamiritsa njinga pakhonde la golosale, naika foni ya Kezia m'thumba la jekete, nawoloka msewu kupita ku pikapu ija.