Meza, Mandasi

A Matewere analota ali m'chipinda cha opaleshoni ku chipatala cha ziweto, dzuwa lili paliwombo, ndipo chipindacho chinalibe khoma limodzi. Pamene panayenera kukhala khomalo pankadutsa mtsinje wa Mudi, madzi ake ali mbee, zimene aliyense wa ku Blantyre angakuuzeni kuti sanazionepo. Iwo sanadabwe. Maso awo anali pathebulo pamene panagona Mandasi.

Mandasi anali galu, ngakhale anthu a ku Chilomoni ankakayika. Anali wa mtundu uja wa nkhope yophwatalala, ngati wina anamukankha ndi chikhatho dothi lisanaume. Mwana wawo Ulemu ndiye anamusiya popita ku Kepitauni, amvekere, "Miyezi itatu yokha, adadi." Zaka zinali zitakwana zitatu. Galuyo sankalondera, sankasaka, akangoyenda pang'ono ankapuma ngati akukwera Michiru ndi thumba la chimanga pamutu. Koma m'nyumba ya zipinda zinayi ija munalibenso china chopuma kupatula a Matewere ndi iyeyo, ndipo mkuluyo ankamukonda mochititsa manyazi.

Dzino la Mandasi linali litawola, ndipo dokotala anali atangolizula kumene. Dokotalayo anali mayi wamtali wovala gauni yobiriwira, ataimirira m'madzi olekeza m'mawondo.

"Bambo," anatero, "agalu enawa timawagonetsa, n'kuwadzutsa, basi. Koma awa a mphuno zazifupi, njira yawo ya mpweya ndi yopapatiza. Kugona kumavuta pang'ono. Ambiri timawataya podzuka."

Anawaonetsa kapaipi kamene kanalowa m'kamwa mwa Mandasi mpaka kummero. Kanachokera ku makina opatsa mpweya, ndipo makinawo anali awo omwe a Matewere, osokera zovala, opalasa ndi mapazi, amene anasokera masuti pakhonde la sitolo ku Limbe kwa zaka makumi atatu.

"Khalani pansi muzipalasa. Kapaipiko musachotse mpaka adzutse mutu n'kumeza yekha malovu. Mukafulumira, mmero utsekeka. Akapanda kumeza, ndiye kuti sabwerako."

"Nanga inu mukupita kuti, adokotala?"

"Mbali yanga ndatha. Yatsalayi ndi ya mwini galu."

Atatero anatsika ndi mtsinje chiimirire, atanyamula dzino lija pambale.

A Matewere anayamba kupalasa. Singano inkakwera n'kutsika popanda nsalu, ndipo nthiti za Mandasi zinkakwera n'kutsika nayo limodzi. Kenako anazindikira kuti galuyo ankapuma mwakachetechete. Panalibe mkonono, panalibe kukhuluza kwa pakhosi kuja. Chibadwire Mandasi anali asanapumepo chonchi.

Mtengo wa mango wa kutsidya unachita maluwa, n'kubereka, mango n'kupsa n'kuyoyoka, koma dzuwa silinasunthe. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena mawuwa sankapalasa makina ndi mawondo a nyamakazi. A Matewere anapalasabe.

Mandasi anatsegula diso limodzi. Popeza m'kamwa munali kapaipi, mawu ake anatulukira pa makina, aulemu ngati a kalaliki wa kukhoti.

"Bambo Matewere, ndili ndi funso. Kodi inu nonse mumapuma chonchi?"

"Inde."

"Tsiku lililonse? Osalimbana nawo mpweya?"

"Tsiku lililonse."

"Simunandiuze," anatero galuyo. "Ndiye ndikupempha chilolezo chakuti ndisameze. Pano ndili bwino."

A Matewere anadziwa kuti galuyo sankanama. Akameza, abwerera ku moyo wa wefuwefu, wogona chokhala m'mwezi wa Okutobala lilime lili bii. Akapanda kumeza, iwo akwera okha minibasi ya ku Chilomoni, n'kukafikira m'nyumba yoti zii. Anachita mantha, ndipo anadziwa kuti sankaopera galuyo ayi, ankadziopera okha.

"Uchite zimene waona kuti n'zabwino," anatero, uku akukonza kolala. "Zonse adziwa ndi Mulungu."

"Mwayambanso."

Anali akazi awo, Nagama, amene anamwalira zaka zinayi zapitazo. Anakhala pamwala pakati pa mtsinje, akuchapa diresi imene anawaika nayo m'manda, komanso atavala yomweyo.

"Mwayambanso, bambo a Ulemu. Ine kuchipatala kuja munandiuza mawu omwewa. Ndinadikira masiku asanu ndi limodzi kuti munene kuti ndisapite. Inu munali kalikiliki kundikonzera bulangete."

"Ndinkaopa kukulemetsani, amake Ulemu."

"Ulemu naye padepoti munangomufunsa ngati watenga pasipoti."

"Mwamuna sayenera…"

"Palasani, mpweya ukuchepa. Ndipo mupemphe. Kukana n'kwake, koma kupempha n'kwanu."

Tsono a Matewere anali munthu woti mchere ukatha ankadya ndiwo zozizira kusiyana n'kukagogoda kwa aneba. Kupempha sankakudziwa polowera pake. Madzi anayamba kulowa m'chipindamo. Anamiza chopalasira, anafika m'akakolo, anafika m'mawondo. Thebulo la Mandasi linayamba kuyandama, n'kumasendera kumene kunalibe khoma, ndipo kapaipi kanakungika mpaka polekezera.

"Mandasi," anatero. "Kumene ndikukuitanirako kulibe mpweya wabwino ngati uwu. Sindikunamiza. Ndizikuika pamthunzi, kukatentha ndizikunyowetsera thaulo, koma uzivutikabe. Ndikupempha chifukwa cha ine. Nyumba ija sindingaithe ndekha. Meza, mwanawe. Usandisiye."

Popeza pakamwa panali patatseguka kale, anatembenukira kumwala kuja.

"Nanunso, amake Ulemu, musapite."

"Mwachedwa," anatero Nagama, akufinya diresi. "Koma ndamva."

Galuyo anawayang'ana nthawi yaitali ndi maso ake otong'oka aja. Miyendo iwiri ya thebulo inali itatuluka kale m'chipinda. Anakoka mpweya umodzi wautali, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akumwa madzi a kwawo asananyamuke ulendo. Kenako anadzutsa mutu, ndipo khosi lake linagwedezeka.

A Matewere anasolola kapaipiko mosamala, monga ankasololera ulusi pansalu ya ukwati. Pamwala paja panalibenso munthu. Anawerama n'kuika khutu pamphuno ya Mandasi, iwo eni atasiya kupuma kuti amve bwino.

Anadzidzimuka ali pabenchi la chipatala cha ziweto, masana omwewo, chingwe cha galu chili m'manja. Chitseko cha chipinda cha opaleshoni chinali chotsekabe, ndipo kuseri kwake sikunkamveka kanthu. Mayi wina amene anafukata mphaka pambali pawo anasendera kumapeto kwa benchi, chifukwa mkuluyo anali ndi misozi m'masaya, mapazi ake akupalasa pasimenti. A Matewere anaona kuti anthu akuwayang'ana, koma sanasiye kupalasa.