Ndodo za Gofu za Ignasio

Priska anapeza mwamuna wake ali pakhonde, akupukuta ndodo zake za gofu ndi kansanza. Anatula dengu la ufa n'kukhala pansi pafupi naye, osapereka n'komwe moni.

"Bambo a Leah, lero musapite kudambo."

Ignasio anangomwetulira, napitiriza kupukuta. Iye ankayang'anira madzi othirira pa esiteti ya nzimbe, ndipo anali mmodzi wa anthu akuda ochepa amene ankaloledwa m'kalabu ya mabwana. Ndodozo anamusiyira mzungu wina popita kwawo. Masewerawo ankawakonda, koma mpira wake unkangokhotera kumanja n'kukagwera m'nzimbe. Pampikisano wa chaka chatha anamaliza kumapeto kwenikweni, anzake n'kumuwombera m'manja momuseka.

Tsopano inali miyezi yachisanu, ndipo bwalo la kalabu anali atalitseka kuti abzalemo udzu watsopano. Ignasio anali atalumbira kuti pofika mpikisano wa mu Ogasiti adzakhala atasintha. Akaweruka ankapalasa njinga kupita kudambo louma la m'mbali mwa Shire, cha kwa Maseya. Kumeneko ankazika bango lomangirira kansalu kofiira, n'kumamenya mipira mpaka dzuwa kulowa.

Priska anafotokoza motsitsa mawu kuti kuchigayo anakumana ndi mchimwene wake Geresomo, amene anali mmodzi wa ayufi a chipani. Geresomoyo anamukokera pambali n'kumuuza kuti dzina la Ignasio latchulidwa kwa a Tcheyamani. Anthu ankati munthu uja amapita yekhayekha kumtsinje atabereka chikwama chachitali ngati cha mfuti, amayenda akuwerenga mapazi, ndipo amakweza mbendera yofiira yoti ena aione patali. Inali nthawi imene nkhondo ya ku Mozambiki inali itavuta, othawa atadzaza ku Nsanje, ndipo aliyense ankadziwa kuti makolo a Ignasio anachokera ku Mutarara.

Kansanza kaja kanaima. Ignasio anati iye anabadwira konkuno, khadi la chipani ali nalo, msonkhano sanajombepo. Priska anayankha kuti ngakhale aphunzitsi aja anatengedwa chaka chatha khadi anali nalo.

"Ndikasiya lero adzati ndamva, ndiye ndabisala," anatero Ignasio. "Bola andipeze ndikumenya mpira."

Atapita kudambo tsiku limenelo, anapeza anthu achipani atafika kale. A Gideon, tcheyamani wa dera lonselo, anali atakhala pachitsa atavala jekete ndi chipewa, ayufi ataimirira kumbuyo kwawo. Geresomo anali pakati pawo, maso ali pansi. Ignasio anatsika panjinga, navula chipewa chake, n'kupereka moni atawerama.  A Gideon anangoloza chikwama chija ndi chibwano.

Wayufi wina anachikhuthula pamchenga. Munatuluka ndodo, mipira yoyera ndi golovesi yong'ambika. Anapisa m'matumba monse, nagwedeza ndodo iliyonse pafupi ndi khutu lake ngati mkati muli kanthu. A Gideon anafunsa za kansalu kofiira, za kuwerenga mapazi, ndiponso chifukwa chimene munthu wamkulu, wapantchito yabwino, angamabwerere kutchire madzulo aliwonse. Ignasio anayankha zonse pang'onopang'ono. Anati mbendera ndi pamene mpira uyenera kukagwera, ndipo mapazi amayezera mtunda.

"Ndiye mukuti kampira aka kangafike pabango paja?" anafunsa a Gideon. "Kafikitseni tione. Kakapanda kufika, tidziwa kuti mumabwerera zina."

Ignasio anayang'ana bango lija, limene analisiya chizikire dzulo lake. Linali patali ndithu, ndipo kamphepo kozizira kankachokera kumtsinje. Kumanja kunali tchire la minga kumene mipira yake yambiri inasowera. Anasankha ndodo, napukuta zikhatho pabuluku.  Anakumbukira zimene wakhala akudziuza masabata onsewa, kuti asafinye ndodo ndiponso asadzutse mutu msanga. Anakoka mpweya, namenya.

Mpira unanyamuka mowongoka, osakhota ngakhale pang'ono, n'kukagwera pafupi ndi bango mpaka kafumbi kanaoneka. Chiyambireni anali asanamenyepo chotero. Ayufi ena anang'ung'udza modabwa.

Nkhani ikanathera pomwepo. Koma a Gideon anaimirira, navula jekete, nati nawonso ayese, poti chinthu chake chikuoneka chosavuta. Ignasio anawaikira mpira pabwino, nayamba kuwaonetsa kagwiridwe, koma iwo anamukankhira kumbali. Anakweza ndodo ngati akudula mtengo, naigwetsa ndi mphamvu zonse. Ndodo inadutsa pamwamba pa mpira, thupi lonse linazungulira, ndipo anakhala pansi pamchenga, chipewa chikugubuduka.

Geresomo anaseka. Kunali kuseka kwakufupi, kongopulumuka, ndipo nthawi yomweyo anagwira pakamwa. Palibe wina anaseka.

Ignasio anathamanga kukawadzutsa, akunena kuti aliyense amayamba choncho, kuti iyenso tsiku loyamba anagwa pamaso pa azungu. A Gideon anasasa mchenga, navala chipewa chimene wayufi wina anawatolera. Sanayang'ane Ignasio. Anayang'anitsitsa Geresomo, kenako anauza Ignasio kuti atha kumapita.

Pasanathe sabata, Geresomo anatengedwa masana pamsika, anthu akuona. Mlandu wake unali wonyoza chipani. Mkazi wake Evelesi, amene anali woyembekezera, anafika kunyumba kwa Ignasio fumbi lili m'miyendo, atapita kale kupolisi kumene anamuuza kuti dzina limenelo sakulidziwa. Analira mpaka mawu kusasa. Priska anamuyalira mphasa, namupatsa madzi. Koma nthawi iliyonse akadutsa pamene panatsamira chikwama chija ankatembenuzira nkhope kumbali.

M'mawa mwake Ignasio anapempha chilolezo kuntchito, napita kwa a Gideon. Anamudikiritsa panja mpaka dzuwa linafika pamutu. Atamulowetsa, Ignasio anagwada, napepesa m'malo mwa mlamu wake. Anati mnyamatayo ndi wachibwana, koma chipani amachikonda, ndipo mkazi wake watsala pang'ono kuchira. A Gideon anayankha kuti nkhaniyo inachoka kale m'manja mwawo, ili kwa akuluakulu, ndipo kuibweza n'kovuta. Kenako anayang'ana kudenga.

"Koma ndodo zanu zija n'zokongola," anatero. "Zoterezi sizipezeka wamba kuno."

Ignasio anamva. Popita kunyumba njinga anangoikankha, osakwera. Mpikisano unali utayandikira, ndipo kuyambira tsiku lija mpira wake unali usanakhotenso. Ndodo zina analibe kozipeza, pakuti ngakhale ku Blantyre ankagula ndi azungu okha.

Atafika anatulutsa chikwama chija n'kuyamba kuchimangirira pakaliyala. Priska anatuluka m'khitchini, naima n'kumamuyang'ana. Lamba atavuta kumanga, anabwera n'kugwira mbali inayo.

"Ndi mipira yomwe?" anafunsa.

"Zonse. Asapeze chonena."

Geresomo anabwerako mwezi usanathe, ataonda, mutu atamumeta mpala. Za kumene anali sananene, ndipo palibe anamufunsa. Mwana anabadwa iye alipo. Tsiku la mpikisano, bwana wamkulu wa minda atafunsa chifukwa chimene dzina la Ignasio silinali pa osewera, iye anati phewa likumuvuta.

Pamsonkhano wa chipani wotsatira, anthu atakhala pansi pa mtengo wa mtondo, a Gideon anafika akuyendera imodzi mwa ndodo zija ngati ndodo ya nkhalamba, mutu wake wachitsulo atagwira m'manja. Inali yomwe ija Ignasio anamenyera kudambo. Polankhula ankalozera nayo anthu, ndipo akatsindika mawu ankaigogoda pansi mpaka chogwirira chake chinayamba kunyotsoka. Atamaliza, anthu onse anawomba m'manja. Ignasio anawomba nawo.