Mtsiro wa ku Madzimoyo

A Ackim Sakala atapuma pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, anzawo ankati basi aweta nkhuku. Aa, iwo anakagula penti ndi mabulashi! Anthu a ku Kapata anaseka mpaka kugwira nthiti, osadziwa chimene chinkamudya mkuluyo.

Akazi awo, a Rozi, mutu unali utayamba kutaya zinthu. Anaiwala kuthira mchere, anaiwala masiku, kenaka anaiwala ndi amuna awo omwe. Masana alionse ankamanga kamtolo ka zovala n'kukaima pageti.

"Bambo, zikomo pondisunga," ankatero mwaulemu, "koma ndiperekezeni kwathu ku Madzimoyo."

Kwawoko nyumba inagwa kalekale, pamalopo anthu analimapo mtedza. Ndiye a Ackim anati aimangenso pathabwa, mwina mayiyo n'kukhazikika, mwinanso n'kuwakumbukira kamodzi kokha. Anajambula khonde, mtengo wa mango, ndi phiri likuyandama mu nkhungu kumbuyo kwake. A Rozi chithunzicho ankangochiyang'ana ngati kalendala ya chaka chatha.

Tsiku lina a Ackim anakwera minibasi ya ku Madzimoyo, n'kubwerako ndi mtsiro wakuda wa kudambo m'mapepala a shuga, ndi kaudzu kofolerera. Zaka makumi atatu akuphunzitsa anthu za dothi, osaganizako zimenezi, abale inu! Udzuwo anaumata padenga la chithunzi chija, pakhomo n'kumatapo kachidutswa ka chitenje chakale. Kenaka anasungunula mtsiro m'mbale, nayamba kupaka ndi bulashi.

Fungo la dothi lonyowa linadzaza pakhonde ponse ngati la mvula yoyamba. A Rozi anatula kamtolo kaja. Anabwera pang'onopang'ono, maso ali patali.

"Iii, nyumba amazira ndi kamchira ka mbewa?" Anawalanda mbaleyo. "Mwamuna kuzira, zinayamba liti?"

Anaviika dzanja, nayamba kuzira thabwalo ndi chikhatho, mozunguliza, mozunguliza, akung'ung'udza kanyimbo. Mtsiro unadutsa pakhonde lojambula lija, unameza mango, unameza phiri, ntchito ya miyezi itatu yathunthu. A Ackim mtima unawawa ndithu, koma anawasiya apitirize. Pamaso pawo panali mtsikana uja anamupeza kalelo atagwada pakhonde la amake, matope mpaka m'zigongono, dzuwa likusewera pa ndolo zake.

Thabwa lonse litada bii, a Rozi anadzutsa mutu. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kuzyolika mwamanyazi.

"A Ackim, mwabweranso?" ananong'ona. "Musaponde ponyowapa, amayi angadziwe kuti munabwera."

Mkuluyo misozi ili mbwembwembwe, anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Sindiponda, Rozi. Ndidikira pompano mpaka paume."