Basi ya a Symon

Moni nonse owerenga. Tiyambe ndi kuthokoza Mwini moyo amene watidzutsanso lero.

A Symon ankasamalira maluwa kwa mzungu wina ku Bedfordview, ku Joni, mpaka tsiku limene sitiroko inawagwetsa pa kapinga. Anadzuka ndithu, koma dzanja lamanja linatsalira m'mbuyo. Akalituma kugwira kapu, linkayamba laganiza kaye. Abwana anati awasungira ntchito ngati angathenso kugwira fosholo. Koma a Hamilton, mchimwene wa akazi awo, anali atagamula kale kuti munthu akwere basi akadwalire kwawo ku Ntcheu.

"Basi, alamu, Joni yakutherani," anatero a Hamilton atakhala pakhomo pa kanyumba ka malata ka a Symon ku komboni ya Ramaphosa. "Kuno si kodwalira."

"Loweruka tipite ku damu," anayankha a Symon. "Dzanja ili likalephera kutulutsa basi m'madzi, basi yanuyo ndikwera."

Pajatu nsomba yolusa ya m'madamu a kuno dzina lake ndi basi, chimodzimodzi galimoto yopita kumudzi.

"Inu mkulu wa mpingo kuyesa Mulungu?" anafunsa a Hamilton.

"Mulungu sayesedwa. Ndikuyesa dzanja."

Anafika pa damu la ku Benoni dzuwa likungotuluka, madzi ali bata. A Hamilton anabwera ndi chitini cha nyongolotsi. A Symon anamangirira popa ku chingwe, kanyambo kapulasitiki koyandama, kokhala ndi kukamwa kokumbika ngati supuni, kamene abwana anawapatsa kalekale pamodzi ndi ndodo yakale. Anakaponya m'mbali mwa mabango, n'kudikira timafunde tithe. Kenako anagwedezera nsonga ya ndodo pansi. Kanalira kuti pho, kakulavula madzi. Anakasiya kapume, n'kugwedezanso.

"A Simoni Petro," anaseka a Hamilton, "kwathu nsomba timaiwedza mwakachetechete. Inu mukuiimbira ng'oma? Taonani mukunjenjemera. Bweretsani kuno."

A Symon anawapatsa ndodoyo. A Hamilton analiza popa kangapo, ndipo mwadzidzidzi madzi anaphulika. Pomwepo anakoka ndi mphamvu zonse, monga anaphunzirira mu mtsinje wa Rivirivi, kumene kabango koyandama ka pachingwe kakangomira umakoka usanaphethire. Popa inauluka yopanda kanthu, n'kudutsa pakhutu pawo, kukakodwa mu udzu kumbuyo.

"Mwailanda chakudya m'kamwa," anatero a Symon. "Basi ikamenya pamwamba simukoka chifukwa cha phokoso. Mumadikira mumve kulemera."

Ankanena zimene ankazidziwa bwino, chifukwa ali wamphamvu nawonso ankataya nsomba mwa njira yomweyo. Mutu unkadziwa, koma dzanja la ku Ntcheu silinkamva.

Anatola ndodo, n'kusunthira pamene nthambi youma inagwera m'madzi. Kuponya koyamba kunathera pafupi ndi mapazi awo. A Hamilton anatsokomola, n'kuyang'ana kumbali. A Symon anakumbukira munthu uja wa m'sunagoge amene anauzidwa kutambasula dzanja lopuwala anthu onse akuona. Anathandizira ndi lamanzere, n'kuponyanso. Popa inatera pambali penipeni pa nthambi.

Pho. Anadikira mpaka madzi anakhalanso ngati galasi. Pho, pho. Anadikiranso, nthawi yaitali moti a Hamilton anayamba kutsegula chitini chawo.

Madzi anang'ambika. Mtima wa a Symon unalamula kuti koka, monga kale. Dzanja linayamba laganiza kaye. Pamene linkamvera, nsomba inali itatseka kale pakamwa n'kutembenukira pansi, ndipo ndodo inapindika ngati uta.

Ululu unayenda kuchokera m'zala mpaka m'phewa. Nsomba inathamangira ku nthambi kuti ikadule chingwe. A Symon anatsamiritsa ndodo pamimba, lamanzere likupukusa chingwe, lamanja litauma pa chogwirira. A Hamilton anathamanga atatambasula manja.

"Musakhudze, alamu. Mukakhudza ndiye kuti mwandikweza basi."

"Ikuthawani."

"Ithawe ine, osati inu."

Nsomba inalumpha ikupukusa mutu, koma mbedza sinachoke. Pang'ono ndi pang'ono inafooka, n'kubwera chagonere m'mbali. A Symon anagwada m'matope, n'kuika ndodo pansi. Dzanja lamanzere linali pafupi, koma analibisa kumbuyo. Analowetsa chala chachikulu cha lamanja m'kamwa mwa nsombayo, n'kuinyamula ikudontha madzi, dzanjalo osaisiya.

"Basi yanga ndi iyi," anatero akupuma mwabefu. "Inayo ipite yokha."

A Hamilton anakanda m'mutu. "Fosholo si ndodo yowedzera, alamu."

"Lolemba mudzabwere ku Bedfordview. Mudzaime kunja kwa geti, mudzaone."

Ambuye akusungeni inu owerenga, ndipo chiwalo chilichonse chimene anthu anachiwerengera kuti chatha achigwire ndi dzanja lawo lamphamvu.