Ntchito ya a Gordon pa Fomu ya Inshulansi

Amuna anga a Gordon akafunsidwa ntchito yawo, amayamba asisita ndevu, kenako n'kuyankha modekha kuti, "Ndine woimba." Zoona zake n'zakuti akhala akugulitsa penti ndi misomali m'sitolo ina kuno ku Hull kwa zaka makumi awiri. Gitala amaimba Lachisanu lokha, pakona ya bala ya mumsewu wathu, anthu maso ali pa mpira.

Bodzali silinandivutepo mpaka pomwe ndinaterereka pakhomo n'kuthyoka dzanja lamanja. Mwana wathu Kirsty, yemwe amakhala ku Aberdeen, anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono, mwamuna wake ali panyanja kokumba mafuta. Ndinali nditamulonjeza kuti sadzachira yekha. Pasitima sindikanatha ndi dzanja limodzi, kabedi ka mwana ndi zikwama. Galimoto ilipo, koma inshulansi yake ili m'dzina langa ndekha. Kuti a Gordon andiyendetse, anayenera kulembedwa ngati dalaivala wachiwiri.

Ndinawapatsa kompyuta kuti alembe okha fomu ya inshulansi. Posakhalitsa ndinamva akutsokomola.

"Glenys, akana."

"Akana chiyani? Simunagundepo ngakhale mphaka."

"Kaya. Makinawa ndi openga."

Nditasuzumira, ndinaona pamzere wa ntchito palembedwa kuti woimba.

"Inu bambo inu! Mpaka pafomu?"

"Nanga ndine ndani?"

"Ndinu wogulitsa misomali amene ali ndi gitala."

Kompyuta inakana kuti tisinthe yankho, ndiye ndinaimba foni ku kampaniyo n'kukweza mawu kuti tonse timve. Anayankha mayi wina waulemu, ndipo anafotokoza mosazungulira. Ntchito ya dalaivala wachiwiri amaiyang'ana ngati ya mwini galimoto. Oimba amayenda maulendo ataliatali, amabwerera atatopa, galimoto itadzaza zida zodula, ndiye kampani yawo siwalandira n'komwe.

Ndinaganiza za Kirsty ali yekha pabedi la kuchipatala.

"Koma funso ndi limodzi," anatero mayiwo. "Kodi bambowo amalipidwa akaimba? Ngati amalipidwa, ngakhale pang'ono, ndiyenera kulemba. Ndipo ayankhe okha."

Ndinawakankhira foni. A Gordon anaiyang'ana ngati njoka.

"Kulipidwa kuli mitundumitundu, mayi," anayamba.

"Ndalama, bambo."

"Nthawi zina amandigulira mowa."

"Kawiri," ndinalowerera. "Kamodzi anali mlongo wanga, ndipo ankafuna kuti bambowa asiye kaye kuimba."

Ndinamva mayi aja akudziletsa kuseka. "Ndiye munalandirapo ndalama chifukwa choimba?"

A Gordon anasisita ndevu. Zaka zonsezi auza aliyense za uwoimba wawo, madokotala, abusa, ngakhale apongozi a Kirsty pa ukwati. Ine sindinawathandize. Ndinangoika dzanja langa la pulasitala patebulo pomwe akanaliona bwino.

"Ayi," anatero potsiriza. "Ngakhale khobidi."

"Basi, chimenecho n'chosangalatsa chabe, si ntchito. Ntchito yanu yeniyeni?"

"Ndimagulitsa m'sitolo."

"Ogulitsa m'sitolo timawakonda. Muwonjezera mapaundi khumi ndi anayi, ndipo mukhoza kuyendetsa kuyambira pano."

Nditadula foni, ndinakhala pampando n'kupuma kwambiri. A Gordon anapita kukayatsa ketulo, nsana atandilozetsa.

"Wakondwa tsopano?"

"Kwambiri. Mwaimba bwino lero."

Sanaseke, koma tiyi anandipangira, shuga wake wokwana.

Tinali titapangana zonyamuka Loweruka, koma sindinaonenso chodikirira. Mwana woyamba sauza munthu tsiku. Ndinawauza kuti aimbire abwana awo apemphe tchuthi, akathire mafuta, amange kabediko kumbuyo. Ine ndinakwera kuchipinda, ndinaponya majuzi, mankhwala ndi matewera m'chikwama chachikulu. Zipi ndinaikoka ndi dzanja lamanzere, bondo litapanikiza pamwamba, mpaka inatseka.