Kobiri Limene Morgan Anakana Kulipira

Chaka chimene anakweza mtengo wa masitampa, ife akazi a ku Chikale tinamva mochedwa. Chidziwitso anachimata pa chitseko cha positi, m'Chingelezi, ndipo tinkangochidutsa monga tinkadutsira mapepala onse a boma. Masitampa tinali nawo kale. Chizolowezi chathu chinali chogula ambiri nthawi imodzi usipa ukayenda malonda, n'kuwasunga m'buku la nyimbo kuti chinyezi chisawamate. Choncho tinapitiriza kumata sitampa yakale, kuponya kalata m'bokosi lofiira, n'kubwerera kwathu mtima uli m'malo.

Amuna athu ambiri anali ku Halale, ena m'mahotela, ena m'maofesi. Ena ankalemba, ena ankatumiza bulangete pa Khirisimasi, ndipo ena anangoti zii. Mwa oti ziiwo, katswiri anali Morgan Kamanga, mwamuna wa mnzanga Ellen Nyamhone.

Morgan anachoka ukwati usanathe n'chaka chomwe. Ana amene anabadwa mwezi umene iye anakwera sitima anali atayamba sukulu, koma Ellen anali akadali pakhomo pa apongozi ake, kuviika chinangwa ndi kuyanika usipa wa anthu ena. Analibe mwana, ndipo ichi n'chimene chinkamudya. Panali Yohane, telala wa pakhonde la sitolo ku boma, amene mkazi wake anamwalira. Iyeyu anatumiza kale mawu kwa akuluakulu kuti akufuna kumukwatira Ellen mwadongosolo, kutchalitchi, ndipo Ellen naye ankamufuna. Chotsekereza chinali chimodzi: akulu a mpingo sakanamumasula popanda umboni woti mwamuna wake wamutaya dala.

Umboniwo ukanachokera kuti? Ellen ankalemba, Morgan osayankha. Nkhani ikafika kwa akulu a mpingo, ankaimirira mlamu wake Cyrus, mkulu wake wa Morgan, amene anali kapitawo wa onyamula katundu ku doko. Munthu ameneyo ndinkamuda, ndipo sindibisa. Ankavula chipewa mwaulemu n'kunena kuti mwina makalata sakufika, mwina mng'ono wake anasintha ntchito, mwina akudwala. Kenako ankayamba kutama mmene Morgan anaphunzirira ku sukulu ya mishoni ya ku Bandawe, mmene aphunzitsi ankaonetsera zolemba zake kwa ana ena, ndi kuti munthu wa dzanja lokongola chotero sangakhale chete akanakhala kuti walandira kalata. Akulu ankagwedeza mitu n'kumuuza Ellen kuti apirire. Zoona zake n'zakuti banja la a Kamanga linapeza wantchito wosalipidwa, ndipo silinkafuna kumutaya.

Ndiye kunabwera nkhani ya masitampa ija. Tsiku lina sitima ya Ilala itafika ndi makalata, Rose, amene mwamuna wake anali asanalembe kuyambira dzinja lapitalo, analandira kalata ya masamba awiri. Tinakhala pa mchenga pafupi ndi poyanikira usipa, iye n'kumatiwerengera. Munalibe moni wokwanira. Bamboyo ankangokalipa kuti kalata ya Rose inafika ndi sitampa yoperewera, wapositi anakana kuisiya, bwana anamuitanitsa kuchokera kukhitchini, ndipo analipira kobiri pamaso pa anzake onse. Tinaseka mpaka misozi. Rose naye anaseka, chifukwa m'munsi mwa kukalipako munali mawu oti wamutumizira nsalu.

Ellen yekha sanaseke. Anafunsa Rose kuti awerengenso pamene panati wapositi anakana kuisiya. Atamva kachiwiri, anaimirira, nakutumula mchenga pa chitenje, n'kundiuza kuti ndimuperekeze ku boma m'mawa mwake.

Kalaliki wa pa positi anali Weston Longwe, munthu wofatsa wovala tayi ngakhale mwezi wa Okutobala. Ellen anadikira kuti mzere uthe.

"Ada Longwe," anatero, poti kwathu bambo timati Ada ndipo mayi timati Ama, "kalata ikaperewera sitampa, kumeneko amatani nayo?"

"Amaidinda chidindo cha chindapusa, Ama. Wolandira amalipira kawiri zimene zaperewera. Panopa mwaperewera theka la kobiri, ndiye iye alipira kobiri lathunthu."

"Saiponya pamodzi ndi makalata ena?"

"Iyayi. Amafuna mwini wake, kapena wina womulipirira."

"Nanga mwini wakeyo akakana?"

"Amalemba kuti wakana, n'kuibweza kuno. Kobirilo mudzalipira ndinu."

Ellen anatulutsa envulopu m'buku lake la nyimbo. Inali kale ndi adiresi ya hotela imene Morgan ankagwirako ntchito, ndi sitampa yakale pakona. Weston anaiyang'ana, natsegula kabati yake.

"Onjezerani ya theka la kobiri apa."

"Sindionjezera."

"Ngati mulibe, Nyamhone, ndikulipirirani ine. Si kanthu."

"Yewu, Ada, ndathokoza, koma ndalama ndili nayo. Ipite momwemo."

Weston anavula magalasi. Anati iye sangalandire pa kauntala kalata imene akuiona ndi maso ake kuti ndi yoperewera. Ellen anafunsa ngati bokosi la panja lili ndi maso. Weston anaganiza pang'ono, nati lilibe. Tinatuluka, Ellen anaiponya m'bokosi, ndipo tinamva ikugwera pansi.

Pobwerera, potsika chitunda cholowera ku Chikale, ndinamuuza nkhawa yanga. Ndinati kobiri si ng'ombe. Morgan akhoza kulipira, kuwerenga, n'kukhalanso chete, ndipo tikhala tangomudyera kobiri basi.

"Prisca, iwe sunakhale naye," anatero Ellen. "Munthu uja ankawerenga machesi m'bokosi asanapite kokayenda. Zaulere amalandira. Zolipira, pa ine, sangayerekeze."

Sindinakhutire. Komabe ndinadziwa kuti nayenso ali ndi mantha omwewo.

Masabata amene anatsatira anali owawa. Ilala ikalira kunyanja, Ellen ankasiya chilichonse n'kuthamangira ku doko, kukaona matumba a makalata akutsitsidwa m'boti. Ankawatsata mpaka ku positi, n'kuima panja kudikira Weston amalize kusankha. Weston ankatulukira pazenera n'kupukusa mutu. Apongozi ake anayamba kudandaula kuti chinangwa chikuolera m'madzi, ndipo Cyrus, amene ankamuona ku doko ulendo uliwonse, anamuseka poyera kuti mlamu wayamba kukonda sitima kuposa ntchito. Yohane naye anafooka. Achibale ake anali atamupezera mkazi wina ku Chintheche, ndipo anamuuza kuti mvula ikagwa nkhani ya Ellen isanathe, iwo atenga chuma kupita kumeneko. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha ku mapiri.

Kalatayo inabwera tsiku lotentha kwambiri, Ellen atatopa nazo moti sanapite n'komwe ku doko. Weston anatumiza mawu kudzera mwa mayi wina wogulitsa nthochi kuti Nyamhone abwere ndi kobiri. Tinapita tonse awiri, pafupifupi kuthamanga. Envulopu inali pa kauntala, yakuda ndi zala za anthu, yodindidwa kutsogolo konse, koma yosatsegulidwa. Ellen anaika kobiri lake pa thabwa mwamphamvu mpaka linazungulira. Sindinaonepo munthu akulipira chindapusa mosangalala chotero.

"Mutembenuze kuseri," anatero Weston motsitsa mawu. "Ine sindinawerenge, koma maso anangogwerapo."

Kuseriko kunali mizere ya Chingelezi, ya inki yabuluu, yoongoka ngati anaiyeza ndi rula. Ellen sankadziwa Chingelezi, koma dzanjalo analidziwa. Anaika envulopu m'buku la nyimbo osafunsa tanthauzo, nati akamvera limodzi ndi akulu a mpingo.

Akuluwo anakumana Loweruka m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Wotsogolera anali Ada Davis Manda, amene kale anali mphunzitsi. Ine ndinalowa ngati mboni yoti ndinaona kalata ikuponyedwa. Cyrus anabwera atavala jekete, chipewa chili pa bondo.

Ada Manda anaonetsa kutsogolo kwa envulopu, nafotokoza kuti chidindo chikunena kuti mwini kalata wakana kuilandira. Cyrus sanatekeseke.

"Ada, chidindo n'chidindo," anatero. "Akhoza kudinda aliyense. Mwina anakana ndi bwana wa hotela. Mwina wapositi anachita ulesi kumufunafuna. Mng'ono wanga akanaiona kalata imeneyi, akanatenga cholembera. Ndimamudziwa."

"Cholembera anatengadi," anatero Ada Manda, natembenuza envulopu n'kumupatsa. "Dzanja ili mukulidziwa?"

Apa m'pamene Cyrus anadzigwetsa yekha. Munthu wanzeru akanati sakuona bwino, kapena kuti manja amafanana. Koma kwathu kuno dzanja la ku Bandawe ndi ulemu wa banja lonse, ndipo Cyrus anali atalitama kwa zaka zonsezi. Nkhope yake inawala asanaganize.

"Ndi Morgan ameneyu," anatero monyada. "Taonani mchira wa K uyo. Palibe wina m'boma lino amene amamukhotetsa chotero. Ndinakuuzani kuti ali moyo ndipo amalemba."

"Zikomo," anatero Ada Manda. "Tsopano timve zimene walemba."

Anavala magalasi, nawerenga kaye m'Chingelezi, kenako n'kumasulira pang'onopang'ono kuti aliyense amve. Morgan sanangokana. Zinamuwawa kuti amuchititse manyazi pa ntchito, ndipo anafuna kuti akuluakulu a positi adziwe kuti akuchita ndi munthu wophunzira. Analemba kuti iye, Morgan Kamanga, woyang'anira operekera zakudya, sangalipire chindapusa pa kusasamala kwa munthu wina. Anati makalata akale a mayi ameneyu ankawalandira chifukwa anali olipiridwa mokwanira, ngakhale analibe nawo ntchito. Anapempha kuti wotumizayo auzidwe kuti asamuvutitsenso, popeza iye ali ndi banja lake kumene aliko. Pansi anasaina dzina lonse, n'kulemba tsiku.

Ndinayang'ana Ellen. Ndinkaganiza kuti alumpha ndi chimwemwe, koma misozi inali ikutsika, ndipo sanaipukute. Kumva kuti munthu ankalandira makalata ako onse n'kumangowataya kumapweteka, ngakhale utakhala kuti ndiwe wafuna kumva. Ndinamugwira dzanja ndipo anandifinya mpaka zala kuwawa.

Cyrus anayesa kunena kuti munthu akakwiya amalemba zilizonse. Mkulu wina wa mpingo, amene nthawi zonse ankakhala kumbali ya Cyrus, anamudula. Anati iye waona anthu okwiya ambiri, koma sanaonepo wokwiya amene amakumbukira kulemba tsiku n'kujambula mzere pansi pa dzina lake. Ada Manda anafunsa Ellen ngati ali ndi mawu.

"Ndapirira monga munandiuzira, Ada," anatero Ellen ataima. "Munati mukufuna umboni. Ndi umenewo, ndipo mlamu wanga wauvomereza yekha. Ndikupempha mundimasule."

Anatitulutsa panja kuti akambirane, koma sitinakhalitse. Atatiitananso, Ada Manda ananena kuti mpingo waona kuti Morgan Kamanga anamutaya mkazi wake mwadala, ndipo iwo alembera abusa ndi bwalo la milandu motero. Bwalo silinavute, chifukwa envulopu yomweyo inakafikanso kumeneko.

Tsiku limene Ellen anachoka pakhomo pa a Kamanga, akazi a ku Chikale tinapita tonse kukamunyamulira katundu, ngakhale katunduyo akanakwana pamutu pa munthu mmodzi. Wina anatenga mphasa, wina mtondo, Rose anangonyamula sefa. Tinadutsa dala njira ya ku doko, tikuimba nyimbo za ukwati dzuwa lili pamutu, onyamula katundu n'kusiya matumba kumationerera. Kapitawo wawo anapeza chochita kuseri kwa shedi. Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo, koma achibale a Yohane anali atabwera kale kwa a Mhone, kwawo kwa Ellen, ndipo ulendo wa ku Chintheche unafera m'mazira.

Lamulungu limene analengeza ukwati, tchalitchi linadzaza kuposa pa Pasaka. Abusa anawerenga mayina a Yohane ndi Ellen, kenako anafunsa monga mwa mwambo ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa awiriwa kukwatirana. Mitu yonse, kumbali ya amayi ndi ya abambo yomwe, inatembenukira kwa Cyrus. Iye anali akuyang'ana mkati mwa chipewa chake ngati muli cholembedwa.

Pamenepo Ellen anaseka. Sikunali kuseka kobisa m'chitenje ayi, kunali kuseka kochokera m'mimba, kumene sindinakumve kwa iye chikwatiwire. Anayesa kudzigwira pakamwa koma zinakanika. Abusa anatsitsa pepala, nadikira mpaka amalize, ndipo atamaliza ananena kuti palibe woletsa.